Kodi opanga ma sizoniwa amawerengadi zomwe timalemba pa intaneti, kapena ndikungodzinamiza?

Dalitso_KU

Abale ndithandizeni pa mkangano uwu chifukwa ine ndi alamu anga tatsala pang'ono kumadya nsima aliyense mbale yake. Chiyambireni mvula ku shopu kulibe anthu, aliyense ali kumunda ndalama zonse zinapita ku feteleza, nde ndinaganiza zobwereza Game of Thrones kuyambira sizoni 1, ndinakaikitsa yonse pa flash kwa anyamata obena aja a kufupi ndi depoti pano pa Kasungu boma, madzulo tikumaonera pa laputopu ndi alamuwo, iwo nkoyamba kuyiona.

Nde dzulo tafika sizoni 7 gawo 5, paja Davos wapita ku King's Landing kukamusaka Gendry, mnyamata wosula zitsulo uja, nkumupeza ali pa ntchito yake. Kungomuona akumuuza kuti amaganiza kuti akupalasabe bwato. Ine kuphulika kuseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, alamu kundiyang'ana ngati ndayamba misala.

Ndawafotokozera kuti alamu, mnyamatayu Davos yemweyu anamukweza bwato kumapeto kwa sizoni 3 mu 2013 pomuthawitsa kuti asaphedwe, chichokereni pamenepo sizoni 4 zii, 5 zii, 6 zii, osaoneka ngakhale kutchulidwa mwa nzeru. Anthu pa intaneti anayamba kuseleula kuti akupalasabe, ma meme mbwee, ena kumujambula ali ndi mikono ngati ya wonyamula mabelo a fodya ku Chinkhoma, ndipo mwini wake Joe Dempsie yemwe amasewera ngati Gendry nayenso analembapo pa Twitter kuti akupalasabe. Nde pomwe amabwerera mu 2017 mawu a Davos aja anali athu owonerafe, olembawo amatiuza kuti tinakumvani.

Alamu akuti bodza. Akuti anthu olemba zinthu za ndalama zambiri chonchija alibe nthawi yowerenga zolemba za anthu osowa chochita, Davos wanena chonchija chifukwa ndi iye anamukweza bwatolo basi, ine ndikungofuna kudzipatsa ulemu kuti azungu amandimva.

Nde funso langa lili pawiri. Amawerengadi? Ndipo ngati amawerenga, akamatiyankha chonchi amakhala akuseka nafe kapena akutiseka ife?

Nabanda_wa_Santhe

Kkkkk achimwene auzeni alamu anuwo akhale pansi, ndipo musawauze za kapu mpaka afike sizoni 8 gawo 4 muone ngati aiona, ngakhale mwina pa flash yanuyo anakuikirani yofufuta kale. May 2019, phwando ku Winterfell, anthu avala zikopa akumwera mu nyanga, patebulo kutsogolo kwa Daenerys pali kapu ya khofi ya pepala ija ya mu shopu za masiku ano, wina anaiwala. Dziko lonse linaiona usiku omwewo anthu nkumati ndi ya kampani ya khofi ya Starbucks pomwe sinali. A HBO, eni ake a seweroli, m'malo mobisala anayankha mwa nthabwala kuti khofiyo inabwera molakwika, Daenerys anaitanitsa tiyi wa zitsamba. Kenako anaifufuta ndi kompyuta mwakachetechete. Nde munthu osawerenga angayankhe bwanji? Amawerenga mpaka amalemba ntchito anthu ongokhalira zimenezo.

Aphunzitsi_Mkanda

Zowerenga asisi ayankha kale, ine ndikufuna funso lachiwirilo chifukwa pali nkhani yomwe mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa, ya Sherlock wa BBC uja wa Benedict Cumberbatch.

Amene simunaione, kumapeto kwa sizoni 2 mu January 2012 Sherlock akudumpha kuchokera padenga la chipatala cha St Bartholomew's ku London, mnzake John Watson akuona ndi maso, magazi pansi, John akumugwira pa mkono mtima sukugunda, maliro achitika, kenako kamera ikutembenuka kumanda konkuja mkulu ali chilili kuseri kwa mitengo wamoyo. Basi sizoni yatha. Zaka ziwiri zathunthu anthu akudya mutu kuti wapulumuka bwanji. Ena kumaimitsa kanema sekondi iliyonse, kuwerenga mawindo a chipatala, kuyeza pomwe inaima lole, za munthu wa njinga yemwe anamugunda John, ena kumati mtembowo unali wa Moriarty, mdani wake wa Sherlock, atauveka nkhope ya pulasitiki. Ine nthawi imeneyo ndinali ku koleji, tinkakangana mu hostel ngati nkhani ya mpira, mnzanga wina anajambula mapu a msewuwo kuseri kwa buku la notsi.

Sizoni 3 inabwera pa 1 January 2014, gawo loyamba analemba Mark Gatiss. Kungoyamba akutionetsa yankho, chingwe cha lastiki kumsana, mtembo wa Moriarty akuuveka nkhope, Derren Brown wa zamatsenga za pa TV uja akumugoneka John, Sherlock akulowera pawindo magalasi phwaa nkumupsompsona Molly, mtsikana wogwira ntchito pachipatalapo. Tonse tili eeeh ndi zimenezo! Kenako kukhala kuti ndi Anderson, wapolisi wakale yemwe wasokonezeka mutu ndi nkhaniyi, akungofotokoza maganizo ake, wapolisi mnzake Lestrade nkumuuza kuti ndi zachabechabe. Apo ndinaseka, ndivomere. Pakati pa gawolo akubweretsa gulu la anthu okonda Sherlock, ena avala zipewa zake zija, amakumana m'nyumba kumakambirana zomwezi, mtsikana wina akupereka yake yoti Sherlock ndi Moriarty anali limodzi padenga akuseka ataponya chidole, mpaka kuyandikizana milomo. Anatenga zomwe anthu ankalemba pa intaneti nkuziika pa sikirini. Chachitatu Sherlock mwini wake akumufotokozera Anderson, chibaluni chachikulu chogwerapo, kampira kukhwapa koimitsa magazi pa mkono kuti John asamve kugunda, anthu ake a mumsewu atazungulira. Koma Anderson yemweyo akuyamba kupeza mabowo mu nkhaniyo ndipo iwe owonera ukutsala osadziwa ngati izinso ndi zoona.

Nde onani. Munthu watenga ngongole kwa iwe, wakuuza kuti ndibweza pakatha zaka ziwiri, tsiku lafika akubwera nkumakuyeseza mmene umayendera pobwera kudzamukumbutsa, anthu akuseka, iwenso ukuseka poti akukuyeseza bwinodi, koma madzulo ukuwerenga m'thumba ndalama ija mulibe. Anadziwa kuti yankho lililonse lomwe angapereke likhala lochepa poyerekeza ndi zomwe anthu masauzande anaganiza kwa zaka ziwiri, nde anathawira mu nthabwala. Komanso taonani mmene anawajambulira okonda seweroli, munthu wa ndevu zosapesa wotha ntchito, makoma odzadza mapepala. Ameneyo ndi ine ndi mnzanga wa mapu uja. Achimwene Dalitso, pamenepa anatiseka.

Chipi_wa_pa_boda

Sala mwalankhula ngati mukuphunzitsa Form 4 kkkk koma ine gawo limenelo ndimalikonda, ndibweranso.

Pali chinthu chimodzi chomwe alamu a Dalitso akulondola mwangozi. Nthawi zambiri zomwe timalemba sizingasinthe sizoni yomwe tikuonera, chifukwa pomwe gawo 1 likutuluka zonse zinajambulidwa kale miyezi yambiri mmbuyo, azisudzo anabalalika kale ena ali pa ntchito ina atameta ndi tsitsi lomwe. Kulemba, kujambula, kudula, kuika ma dragon ndi kompyuta, nyimbo, zimatha chaka kapena kupitirira. Nchifukwa chake nthabwala ya Gendry inatheka, panali zaka zinayi pakati. Ya Sherlock zaka ziwiri. Koma za sabata ndi sabata ayi.

Chitsanzo ndi WandaVision ya Marvel mu 2021, magawo 9, limodzi limodzi Lachisanu lililonse pambuyo pa awiri oyamba aja. Anthu anatsimikiza kuti mdani weniweni ndi Mephisto, satana wa mu makomiki, chilichonse chooneka ankati ndi iyeyo, kalulu ndi Mephisto, kachilombo pa katani ndi Mephisto, ine ndemwe ndinatha bandulo pa YouTube kumvera anyamata ofotokoza zimenezi ndili pa mzere wa malole pa Mwami. Sizoni kutha Mephisto osaoneka ngakhale mchira. Anthu kukwiya kuti atinamiza, pomwe palibe anawalonjeza, anadzilonjeza okha. Paul Bettany, yemwe amasewera ngati Vision mu seweroli, naye anathira mafuta, ananena pofunsidwa kuti kumapeto asewera limodzi ndi munthu yemwe wakhala akulakalaka moyo wake onse kusewera naye, anthu kutchula mayina akuluakulu, kukhala kuti amanena iye mwini chifukwa mu gawo lomaliza muli ma Vision awiri. Ameneyo nde anatiseleula mwadala ndipo ndinamukhululukira chifukwa zinali zoseketsa.

Amene angayankhe msanga ndi a masewero a tsiku ndi tsiku ngati Uzalo kapena Skeem Saam poti iwo amajambula chaka chonse, akaona kuti munthu wina owonera amukonda angathe kumuonjezera nkhani, akamuda angathe kumutumiza ku ndende kapena ku manda. Komabe si mawa lomwe.

Ina yomwe imandisangalatsa ndi ya The Simpsons. Kachithunzi koyenda kaja ka Homer akubwerera chammbuyo kulowa mu mpanda wa maluwa mpaka kusowa, komwe timatumizirana pa WhatsApp wina akayamba nkhani ya zopereka za ukwati, kanachokera mu gawo la 1994. Mu 2019 anapanga gawo lomwe Homer mwini wake akutumiza kachithunzi komweko pa foni kwa Lisa. Zaka 25 chinthu chinachoka kwa iwo, chinazungulira dziko m'manja mwa anthu, nkubwereranso kwawo.

Nabanda_wa_Santhe

Nanga za Westworld mwaiwala? Sizoni 1 mu 2016 anthu a pa Reddit, bwalo la zokambirana pa intaneti, anaulula pafupifupi zinsinsi zonse sizoni isanathe, zoti William ndi mkulu wovala zakuda uja ndi munthu mmodzi pa nthawi zosiyana anazinena kale kale. Nde mu April 2018 sizoni 2 ili pafupi, eni ake Jonathan Nolan ndi Lisa Joy anapita pa Reddit pompo nkunena kuti poti mumakonda kuulula, tikupatsani kanema wofotokoza nkhani yonse ya sizoni 2, mungovota kuti mukufunadi. Anthu kuvota. Kanema kubwera wa mphindi pafupifupi 25, akuyamba bwinobwino ndi mawu a Jeffrey Wright, mmodzi wa azisudzo ake, ngati zenizeni, kenako wazisudzo mnzake Evan Rachel Wood wayamba kuimba nyimbo ya Rick Astley ya 1987 ija yomwe anthu amapusitsirana pa intaneti, ikatha mphindi zonse zotsalazo ndi galu atakhala pa piyano basi. Galu! Ine apa ndimati anachita bwino, anthu ofuna kudya nsima isanapse amafunika kuwotchedwa chala.

Koma Lost nde inaonjeza, mu sizoni 3 anangotulukira ndi anthu awiri Nikki ndi Paulo ngati anali pachilumbapo kuyambira tsiku loyamba, owonera anawada koopsa, olemba atamva anawapangira gawo lawolawo mu 2007 momwe akulumidwa ndi kangaude nkuuma thupi lonse, anzawo kuyesa afa nkuwakwirira amoyo, ndipo Sawyer mu gawo lomwelo amangofunsa kuti Nikki ndi ndani, funso lomwe owonera ankafunsa. Ndinaseka koma pambuyo ndinawamvera chisoni azisudzo awiriwo, ntchito kutha chifukwa cha anthu a pa intaneti.

Madala_aku_Kapiri

Ana inu mukukamba ngati zinthuzi zinayamba ndi Reddit. Ine TV ndinaionera ukulu, TVM inabwera 1999 ndili kale ndi ana awiri, ndipo ma sizoni anuwa ambiri ndimaonera kumbali mwana wanga akamaonera. Koma zomwe mukufotokozazi ndikuzidziwa bwino, dzina lake ndi chisuweni.

Msuweni wako amakunena pagulu, mutu ngati chikho, ulesi, mkazi wako ndi wanga, mbuzi iyi ndatenga, ndipo sukwiya chifukwa nonse mukudziwa kuti ndinu amodzi ndipo mawa iwenso umubwezera. Mawu omwewo atanena munthu wongodutsa ndi mlandu wa kwa amfumu. Nde funso la mphwanga Dalitso lakuti akuseka nafe kapena akutiseka, yankho lake silili mu nthabwalayo, lili pa ubale omwe ulipo. Za mnyamata wa bwato zija ndi chisuweni chenicheni, mawu ochepa, wodziwa waseka, wosadziwa ngati alamu akowo sanataye kanthu chifukwa mawuwo akukwanabe mu nkhani, Davos akanatha kunena zimenezo ngakhale kukanakhala kulibe intaneti. Nde iwe ndi alamu ako nonse mukulondola, lekani kudyera mbale ziwiri. Za aphunzitsi zija ndi msuweni yemwe wabwera pamaliro nkumangoseleula osagwira khasu. Adzukulu amaseleula pamaliro inde, mpaka anamfedwa kumwetulira, koma manda amakumba.

Ndili mnyamata tinali ndi kagulu ka zisudzo kutchalitchi, tinkayenda mpaka ku Kamwendo ndi ku Waliranji pa njinga. Sewero lathu lina linali ndi bambo wobisa ndalama za fodya kwa mkazi wake, ankazisunga mu nsapato. Tsiku lina tikusewera mayi wina mu gulu anakuwa kuti mayi inu yang'anani mu nsapato! Anthu kuseka. Mnzathu yemwe ankasewera ngati bamboyo sanaime, anangotembenuka nkunena kuti anthu a m'mudzi uno nchifukwa chake sindiwabwereka ndalama, pakamwa. Bwalo lonse linagwa. Kuyambira tsiku limenelo mawu amenewo tinawalowetsa mu sewero, ndipo tikapita kwina tinkamuika mnzathu mmodzi pakati pa anthu kuti akuwe za nsapato. Koma tamverani, ndalamazo zinakhalabe mu nsapato. Sitinasinthe kuti poti aulula tiziike mu denga.

Ngakhale anyamata omasulira mafilimu mu Chichewa a mu ma vidiyo sho aja amachita zomwezi, munthu wa ku China akumenya anzake iye nkumamupatsa dzina la pamsika, kutchula za mtengo wa soya, kubwereza mawu omwe ana akhala akukuwa sabata yonse. Amadziwa omwe akhala pa mabenchi.

Aphunzitsi_Mkanda

Madala apo pa nsapato mwagunda penipeni. George R. R. Martin wolemba mabuku a Game of Thrones ananenapo zofanana, kuti ngati waika zizindikiro mu nkhani zoloza kwa munthu wina kenako nkusintha mathero chifukwa wina pa intaneti walosera, zizindikiro zonse zija zimasanduka bodza. Za makolo a Jon Snow, kuti ndi mwana wa Rhaegar ndi Lyanna osati wa Ned Stark, owerenga ena anazitulukira kuchokera mu buku loyamba la 1996, ankaoneka ngati openga koma paja wamisala anaona nkhondo. Ndipo David Benioff ndi D. B. Weiss pomwe amapempha chilolezo chopanga sewero, Martin anawafunsa kuti mayi ake a Jon Snow ndi ndani, anayankha molondola. Pa TV zinaululika mu 2016 kumapeto kwa sizoni 6, zaka 20 anthu akudziwa, koma tsiku limenelo palibe anadandaula kuti ndimadziwa kale, anthu analira.

Vuto langa ndi loti kumvera owonera kukakoma kumasanduka chizolowezi. Sizoni 8 anatipatsa ndewu ya Hound ndi mkulu wake Mountain yomwe anthu ankaiitanitsa pa intaneti kwa zaka mpaka anaipatsa dzina, anaponyamo kanthabwala konena za msilikali wa tsitsi lofiira dzina lake Eddie yemwe anapsa nkhope, anthu nkumati akunena woimba uja Ed Sheeran yemwe owonera anadandaula naye ataoneka mu sizoni 7. Zonsezo zinalipo, koma nkhani yeniyeni anaithamangitsa mu magawo 6 ngati minibasi yothawa apolisi a pamsewu, mpaka anthu oposa 1 miliyoni anasaina kuti sizoniyo ipangidwenso. Tizinthabwala tija sitinawapulumutse.

Ndipo tisaiwale kuti ndi malonda. Meme iliyonse yomwe mwatumiza mwawatsatsira ulere ndi bandulo yanu yomwe.

Chipi_wa_pa_boda

Ndinati ndibweranso pa Sherlock. Sala, mukanafuna atani? Anthu anali atatchula kale njira iliyonse yomwe munthu angapulumukire pogwa padenga, kampira kukhwapa anthu anakatchula, lole anaitchula, mtembo wina anautchula. Akanangosankha imodzi theka la anthu likanati tinadziwa kale, theka lina likanati yathu inali yabwino kuposa imeneyi. Ndipo John mwini wake mu gawo lomwelo akunena kuti alibe nazo ntchito zoti anachita bwanji, akufuna kudziwa chifukwa chake anamusiya akulira zaka ziwiri. Kwa ine ngongole yeniyeni inali imeneyo ndipo anabweza, chibakera chija mu lesitilanti ndinachimva mpaka kuno ku Mchinji. Mapu a mnzanu aja palibe anamutuma kkkk.

Koma zoti ndi malonda ndikuvomera. Ife kuno sitili ndi mu kaundula wao momwe, timaonera pa flash zaka zitadutsa, nthabwala imatipeza itazizira. Dalitso yekha ndi amene akuseka za bwato mu chaka chino.

Dalitso_KU

Chipi usandinyoze aise, ndinaseka 2017 ndasekanso dzulo, nthabwala yabwino ili ngati nkhwani wotendera, wa dzulo amakomanso.

Ndawawerengetsa alamu zonsezi pa foni. Za Madala aku Kapiri zoti tonse tikulondola azikonda kwambiri, angotengapo theka lonena za iwo, akuti mwaona akuluakulu anena kuti Davos akanatha kunena zimenezo popanda intaneti. Zinazo akuti ndi zokamba za anthu a mu tauni. Koma choipa nchakuti powerenga adutsa pa ndemanga ya aphunzitsi ija nde adziwa za sizoni 8 kuti Hound amenyana ndi mkulu wake, pano akundinena ine kuti ndawaonongera, ndipo ayamba zawo, akuti Gendry yemweyu ndi amene adzakhale mfumu chifukwa munthu sangasowe ma sizoni atatu nkubwera chabe, olemba akumusungira kanthu. Munthu yemwe dzulo amati zolosera ndi za osowa chochita.

Asisi Nabanda, ndathamangitsa gawo 4 lija ndekha iwo atapita kukasamba, kapu ilipo, anyamata obenawa ali ndi yoyambirira. Sindiwauza. Aphunzitsi ngati Sherlock muli nayo yonse mundisungire, Loweruka ndikubwera ku Mkanda kudzaona za mbewu ya mtedza, flash ndibwera nayo ya 32.